Mpopi Uja Muusiye

M'tauni monse munalibe mpopi umene unawakanika a Sipanala, kupatula umodzi, ndipo umodziwo unali m'nyumba mwawo momwe. Zaka makumi anayi bambowa anayenda ndi chikwama cha zitsulo paphewa, kutsegula mapaipi otsekeka m'masukulu, m'mahotela ndi m'nyumba za anthu amene sankawapatsa ngakhale mpando. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chitupa. Ana ndi akulu omwe ankangoti a Sipanala, poti chitsulocho sichinkachoka m'thumba lakumbuyo la ovolosi yawo. Koma mpopi wa pasinki ya ku bafa kwawo unkadontha. Tho. Tho. Tho. Unadontha choncho zaka zisanu ndi zinayi.

Si kuti sankaukonza. Mtima ukawapweteka mokwanira ankatseka madzi panja, n'kumasula mpopiwo, n'kuchotsa washala, kamphira kozungulira kaja kamene kamatseka madzi m'kati, n'kuikamo katsopano. Akazi awo ankaima pambali n'kumawagwirira tochi. Mpopi unkakhala chete masiku awiri, mwina atatu. Tsiku lachinayi pobwera kuntchito ankaumva ali pakhomo, nsapato asanavule n'komwe. Ankatukwana opanga mphira a masiku ano, kenako n'kuusiya miyezi ingapo mpaka manyazi atawagwiranso. Mawashala onse othawo ankawatunga pa waya umene unali pa msomali m'kachipinda ka zida. Limenelo linali lamulo lawo pa ntchito: chinthu chimene sanamvetse chimene chachipha sankachitaya.

"Usiyeni uziimba, bambo," akazi awo ankatero uku akuseka. "Nyumba yopanda phokoso ndi manda."

M'nyumbamo ankakhalamo atatu: iwo, mayiwo amene ankasoka zovala pa makina m'chipinda chochezera, ndi mphaka wamphongo wotuwa, wonenepa ngati pilo. Mayiwo anamutola ali kamwana kuseri kwa shopu ya ulusi, ndipo poti kwawo anabadwa okha, anayamba kumuitana kuti achimwene. Nanga mchimwene wa mkazi wako umamutcha chiyani? Mphakayo anasanduka Alamu. Koma chilamu chake chinali chozizira. A Sipanala akamalowa, mphaka ankatuluka. Akakhala pampando, mphaka ankawayang'ana ngati mlendo amene wakhalitsa. "Alamu angawa sagwira ntchito, sapereka moni, koma ndi amene amayamba kudya," ankadandaula choncho kwa aliyense wofuna kumva.

Mayiwo atagonekedwa m'chipatala ndi vuto la mtima, a Sipanala ankapita masana aliwonse nthawi yoona odwala. Tsiku lomaliza anawapeza akupuma mobanika, mawu akuchita kusankha.

"Alamu anu muziwapatsa chakudya kawiri," anatero mayiwo. "Mchenga wawo muzisintha. Ndipo mpopi uja muusiye."

A Sipanala anaseka. "Mpaka pabedi la chipatala mukundinyozabe, mayi?"

Mayiwo anatsegula pakamwa kuti awonjezere, koma namwino anafika ndi makina oyezera magazi, belu lotulutsa alendo linalira, ndipo a Sipanala anatuluka akumwetulira. Mawa lake anafika bedi litayalulidwa kale.

Abale atabalalika, m'nyumba munatsala bambo, mphaka ndi mpopi. Kale kudonthako kunkamira m'phokoso la makina osokera. Tsopano kunkamveka chipinda chilichonse, ndipo dontho lililonse linkagwera pamtima. Tsiku lachitatu anatenga sipanala. Panalibe wowagwirira tochi, ndiye anailuma ndi mano. Anaika washala watsopano, wakale uja anamutunga pa waya, ndipo mpopi unati zii.

Masiku atatu anadutsa. Lachinayi anaima pakhomo, makutu ali tcheru. Kunali chete. Sabata inatha, mwezi unatha. Mpopi umene unawachititsa manyazi zaka zonsezo unachira, ndipo m'malo mosangalala a Sipanala anachita mantha. Sanauze munthu, koma apa m'pamene anakhulupiriradi kuti akazi awo anamwalira.

Kenako anayamba kuumva. Osati m'maloto ayi, koma dzuwa likuswa mtengo, ali pampando akumwa tiyi. Tho. Tho. Ankaika kapu pansi, n'kuyenda monyang'ama m'kakhonde ka m'nyumba, n'kukankha chitseko cha bafa. Ankaika chala pakamwa pa mpopi ndipo ankapeza pouma gwa. Koma m'sinkimo ankapezamo mphaka atakhala duu, khosi atalitambasula, maso ali pa mpopi, osaphethira.

"Nanunso mukuumva, Alamu?" anafunsa tsiku lina monong'ona. Mphaka sanatembenuke. Bambowo anamuthamangitsa ndi thawulo n'kutseka chitseko. Mphaka anagona pachitsekopo mpaka anamutsegulira.

Pa zimene anauzidwa, ziwiri ankazisunga ndi mtima wonse. Chakudya ankapereka kawiri. Mayi aja ankavutika n'kumuphikira mphaka tinsomba ta msuzi, koma a Sipanala anapeza njira yachidule: thumba lalikulu la chakudya chouma cha amphaka, tija tolira khwechekhweche m'mbale. Pambali pake ankaika mbale ya madzi, ndipo madziwo sankatsika. Iwo ankangoti amphaka ndi momwemo, si ng'ombe. Mchenga wa m'beseni lodzithandiziramo ankasintha m'mawa uliwonse, n'kumadabwa kuti ntchito imene mayi aja ankaichulutsa inali yochepa chonchi.

Pa sabata yachisanu ndi chimodzi, m'mawa wina popita kukasukusula, anapeza madontho atatu m'sinki, pansi penipeni pa mpopi. Anali ofiirira ngati madzi otsukira nyama. Anagwira mpopi, unali wouma. Anayang'ana zala zawo, panalibe bala. Anakumbukira mawu a akazi awo kuchipatala kuja. Mawu a munthu amene ali pafupi kutsikira kulichete saseka nawo, koma iwo anaseka, kenako n'kuchita chimene analetsedwa. Anapukuta madonthowo ndi pepala. Mawa lake analiponso, anayi. Maganizo oti aubwezere mpopi mmene unalili anawafikira, koma pulambala amaphunzira kukonza. Kuwononga dala sanakuphunzirepo.

Masiku amenewo mphaka anayamba kupita kubeseni pafupipafupi. Ankakumba, n'kunjuta nthawi yaitali msana atapinda, kenako n'kutuluka n'kumadzinyambita pansi pa mchira. Pakapita kanthawi ankabwereranso. Lachinayi madzulo mwana wawo wamkazi, chisamba chawo, amene ankagwira ntchito ku ofesi ya mabasi mbali ina ya tauni, anaimba foni.

"Tili bwino," anamuuza. "Alamu aphunzira ukhondo, mchenga ukungokhala wouma. Kungoti adzimbidwa pang'ono."

Lachisanu anamugwira mphaka pakati pa mawondo n'kumumwetsa supuni ya mafuta ophikira, monga ankachitira ndi ana kale. Masana mphaka anasanza. Kenako analira kulira kumene a Sipanala anali asanakumvepo, kwakuya, kotalika, ngati munthu akuitana ali kuseri kwa khoma. Anakalowa pansi pa makina osokera aja, pamene mayi ankaponda ndi mapazi, ndipo sanatulukenso.

Loweruka m'mawa mwanayo anabwera ndi zochapa za bambo ake. Anagwada n'kusuzumira pansi pa makina. Mphaka anali atagona chammbali, makutu ozizira, maso atatsinzina theka.

"Ababa, wayamba liti chonchi?"

"Dzulo. Ndi m'mimba chabe. Ndawamwetsa mafuta."

"Tiyeni naye kwa adokotala a ziweto."

"Iwe, ine ndi imvi zangazi ndiziyenda mumsewu nditanyamula mphaka? Anthu aziti nkhalamba yapenga ndi umasiye."

Mwanayo anaimirira n'kuwayang'ana m'maso, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. "Ababa, amayi anakusiyirani chiyani china chopuma m'nyumba muno?"

A Sipanala analowa m'kachipinda ka zida, n'kukhuthulira pansi zitsulo zonse za m'chikwama chawo, n'kuyalamo thawulo. Kanali koyamba chikwamacho kutuluka pakhomo chopanda zitsulo.

Chipatala cha ziwetocho chinali nyumba yaing'ono pakati pa famase ndi malo okonzera matayala. M'kati munkanunkhira mankhwala okolopera ndi ubweya wonyowa. Pabenchi panali mayi wina wonenepa ndi galu wamkazi wokalamba, ndipo pamiyendo pake anafumbata kabotolo kokulungidwa m'pepala ngati mphatso.

"Mkodzo wa agogowa," anatero mayiyo asanafunsidwe, akuloza galuyo. "Adokotala anati ubwere wa m'mawa. Ndiye mundione ine, mbandakucha, ndikuthamanga kumbuyo kwa galu ndi chivundikiro cha poto, aneba ali pawindo! Amangokodza pang'onopang'ono kakhumi pa tsiku, fungo lake ndiye osanena. Ulendo wapita anati ndi tizilombo m'chikhodzodzo, anamupatsa mapilitsi. Lero akuti amujambula, mwina muli miyala. Nanga anuwo?"

"Adzimbidwa," anatero a Sipanala.

"Koma akukodza?"

"Mchenga ndi wouma kuyambira dzana."

Mayi wina wamfupi, wa imvi, wovala gawuni yobiriwira, ankadutsa ndi mafayilo. Anaima pomwepo. Mikono yake inali ndi zipsera za zikhadabo zakale ndi zatsopano.

"Wamphongo?" anafunsa.

"Eya."

"Kuyambira dzana? Bwerani naye pompano. Mayi, pepani, agogowo adikire."

Amenewo anali adokotala. Anamugoneka mphaka patebulo lachitsulo, n'kulowetsa dzanja pansi pa mimba, ndipo nkhope yawo inasintha. Anatenga dzanja la a Sipanala n'kuliika pamenepo.

"Gwirani apa. Pang'onopang'ono, musafinye, chikhoza kuphulika."

Pansi pa ubweyawo panali chinthu chozungulira, cholimba ngati lalanje losapsa.

"Chikhodzodzo chimenecho," anatero adokotala. "Si kudzimbidwa. Watsekeka. Mwamupatsa chiyani?"

"Mafuta ophikira."

Adokotala anatsinzina pang'ono. "Si inu oyamba. Mphaka akamadzikakamiza pamchenga aliyense amati wadzimbidwa. Koma kudzimbidwa kumadikira mawa, izi sizidikira. Munaonapo timadontho ta magazi pena pake? Pansi, m'bafa, m'sinki? Akamamva kuwawa amafuna malo ozizira."

A Sipanala anagwira m'mphepete mwa tebulo. "M'sinki," anayankha ndi mawu otsika. Masiku onse aja ankaopa mpopi, pamene amene ankawaitana anali mlamu wawo. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma mphaka chitseko angachitsekule bwanji?

"Mumagwira ntchito yanji, bambo?" anafunsa adokotala uku akumeta ubweya pamwendo wa mphaka.

"Ndine pulambala."

"Ndiye sindivutika kufotokoza. Paipi ya mkodzo ya mphaka wamphongo ndi yopapatiza kwambiri, makamaka kunsonga. Akamamwa madzi ochepa, mkodzo umachuluka mchere, ndipo m'chikhodzodzo mumapangika timchenga. Timchengato tikaunjikana kunsongako, njira yatsekeka. Tsono madzi akamalowabe koma osatuluka, amapita kuti?"

"Amabwerera," anatero a Sipanala. "Amakawononga kumene achokera."

"Kumene achokera ndi ku impso."

Anatenga magazi pang'ono n'kuwaika m'kamakina ka pakona. Podikira anamvetsera pachifuwa pa mphaka nthawi yaitali, akuyang'ana wotchi. Kapepala katatuluka m'makina anakawerenga kawiri.

"Ndikuuzani zoona. Zoipa zimene zimayenera kutuluka ndi mkodzo zadzaza m'magazi, ndipo china mwa izo chimafooketsa mtima. Mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Ndimuika diripi kaye ndi mankhwala oteteza mtimawo, kenako ndiyenera kumugoneka kuti nditsegule. Akhoza osadzuka. Koma ndikapanda kutsegula, mawa safika."

Mtima. A Sipanala anamva mawuwo ngati akuwamva kachiwiri m'chipinda china, kwa dokotala wina. Mwana wawo anawagwira pamkono kuti atuluke, koma iwo anakana.

"Ndiima kukhoma, sindiyankhula. Ulendo wina ndinatuluka belu litalira. Lero situluka."

Adokotala anawayang'ana, n'kuyang'ana mwanayo, kenako anawapatsa nyale. "Ndiye musangoima. Walitsani apa."

Mphaka atagona, adokotala anatenga kachubu kowonda ngati ulusi wa nsapato, n'kukapaka mankhwala oterera, n'kuyamba kukalowetsa. Kanalowa pang'ono n'kuima. Analumikiza jakisoni wa madzi kumapeto kwake n'kukankha mofatsa. Madzi anabwerera. Anabweza kachubu, n'kupotoza pang'ono, n'kukankhanso. Anabwereranso. A Sipanala ankaidziwa ntchito imeneyi m'zala zawo: kukankha mopanda ukali, kumvetsera ndi dzanja, kudikira kuti chotsekacho chigonje chokha. Nyale ija anaigwira ndi manja awiri.

Ulendo wachisanu kachubu kanati lowu. Mkodzo unayamba kutuluka, wofiira ngati madzi a dzimbiri, n'kumagwera m'kambale kachitsulo. Unatuluka wambiri woti sungakhulupirire kuti unali m'kanyama kakang'ono choncho. Adokotala anatsuka chikhodzodzo kangapo mpaka madzi anayamba kuyera, n'kusokerera kachubu kuti kasachoke, n'kukalumikiza ku kathumba. Pansi pa kambale panatsala zinthu zoyera. A Sipanala anazikhudza ndi chala ndipo zinali zokhakhala ngati mchenga wa pulasitala.

"Bwerani muwaone adani anu," anatero adokotala patapita kanthawi, ataika dontho pa kagalasi pansi pa makina okulitsa zinthu. A Sipanala anatsinzina diso limodzi n'kusuzumira. M'kuwalamo munali tinthu tambirimbiri toyera, ta ngodya zinayi, tokhala ndi mzere pakati, ndipo kalikonse kanali ngati chivundikiro cha bokosi la maliro. Anadzuka msanga n'kupukuta diso.

"Dzina lake ndani, ndilembe?" anafunsa adokotala.

"Alamu."

Cholembera chinaima. "Alamu? Wotuwa, wofulidwa? Dikirani." Anatsegula kabati yachitsulo, n'kufufuza kumbuyo kwenikweni, n'kutulutsa khadi lachikasu ndi ukalamba. "Mphakayu anabwerapo kuno."

"Ayi, sanadwalepo."

"Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Ndikuwakumbukira, mayi wamtali, tepi yoyezera zovala ili m'khosi. Dzina ngati limeneli suliiwala." Anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga zolemba zawo zomwe. "Mkodzo wa magazi, timchenga tambiri, sanatsekeke. Ndawauza eni ake apeze njira yoti azimwa madzi ambiri, apo ayi zidzabwerera. Ndiye pansi apa, patapita mwezi: wachira. Madzi a m'mbale sakhudza, amangomwa odontha pampopi. Eni ake ati aonetsetsa kuti mpopi uzidontha, koma bambo akunyumba asamve, poti ndi a..."

Adokotala anasiyira pomwepo. Anayang'ana ovolosi ya a Sipanala, n'kuyang'ana chikwama chopanda zitsulo chija, n'kuvula magalasi.

"Mayiwo ali kuti?"

"Anatisiya pafupifupi miyezi iwiri yapitayo," anayankha mwanayo.

M'chipindamo munangomveka diripi ya mphaka, madontho akugwa limodzilimodzi m'kabotolo kake koonekera. A Sipanala ankawayang'ana osaphethira.

"Mpopiwo ndinaukonza," anatero.

Atafika kunyumba masana amenewo, mwana atapita, analunjika m'kachipinda ka zida n'kutsitsa waya uja. Anakhala pampando wa akazi awo, pafupi ndi windo, n'kuvala magalasi a mayiwo amene anali akadali pa makina. Anatenga washala woyamba n'kumupinda pang'ono ndi zala. M'mphepete mwake munatseguka kamzere kakang'ono, kosalala, kopendekera. Mphira yotha yokha imanyenyeka, sing'ambika mwaukhondo choncho. Anatenga wachiwiri, kamzere komweko. Wachitatu chimodzimodzi. Onse makumi atatu ndi anayi anali ochekedwa malo amodzi, kuya kumodzi, kupendekera mbali imene amapendekera munthu wamanzere ngati mayi aja. M'kadirowa ka makina, pakati pa mabatani, munali lezala limene mayi aja ankasomolera ulusi.

Ndiye kuti zaka zonse zija mayi ankagwira tochi uku akuphunzira. Mwamuna akangotuluka ndi chikwama, iwo ankatseka madzi panja, n'kumasula mpopi, n'kucheka, n'kumanganso bwinobwino osasiya ngakhale kachizindikiro. Pulambala wa zaka makumi anayi anasunga umboni wonse pa msomali, osauyang'ana ngakhale tsiku limodzi, poti anali ataweruza kale kuti olakwa ndi opanga mphira. A Sipanala anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kusekako kunasanduka kulira. Anachita manyazi, osati chifukwa chopusitsidwa, koma poti anali mwamuna woti mkazi wake anaona kuti n'kwapafupi kuphunzira upulambala mobisa kusiyana n'kumupempha madontho a madzi. Anadzifunsa kuti akanauzidwa akanalola kodi, ndipo yankho analidziwa. Akanati nyumba ya pulambala sidontha.

Mphaka anadzuka. Masiku awiri a Sipanala ankapita masana aliwonse n'kukhala pa kampando pafupi ndi khola lake lachitsulo, maso ali pa kathumba ka mkodzo. Tsiku loyamba unali wofiira. Lachiwiri unayamba kuyera, ndipo madzulo ake unali wachikasu. Magazi atayezedwanso, adokotala anati impso zayamba kubwerera m'malo. Mayi wa galu uja anakumana nawo pakhomo n'kuwaonetsa timiyala titatu m'kabotolo, tochokera m'chikhodzodzo cha agogo, akunyadira ngati wakumba yekha.

Tsiku lachitatu kachubu kanachotsedwa, ndipo mphaka anakodza yekha pang'ono.

"Mutha kupita naye," anatero adokotala, "koma musati mwawoloka. Masiku oyambirirawa ndi amene amatsekekanso. Chakudya chouma chija musiye, muzimupatsa cham'chitini ichi, mothira madzi pang'ono. Mankhwala awa ndi ochepetsa ululu. M'mawa uliwonse muziyang'ana mchenga. Wouma si ukhondo, bambo, wouma ndi ngozi. Mukaona akunjuta osatuluka kanthu, thamangani, ngakhale mutavala nsapato imodzi. Koma chachikulu amwe. Kuno madzi amalowa ndi diripi. Kwanu alowa bwanji, mukudziwa ndinu."

Kunyumba mphaka anatuluka m'chikwama akudzandira, mwendo wometedwa uli pamtunda. Ananunkhiza chakudya n'kuchisiya. Mbale ya madzi anailambalala. Anayenda mpaka ku bafa, n'kuyesa kudumphira pasinki, n'kulephera. A Sipanala anamunyamula ngati mwana, koyamba m'zaka zonsezo, n'kumuika m'mphepete. Mphaka anatambasula khosi n'kuyang'ana mpopi.

Anayamba ndi njira yachidule, kungoupotokola pang'ono. Mpopi wokonzedwa bwino sudziwa kudontha: unkakhala chete, ukapotokola kwambiri unkathira mzere wa madzi, ndipo mphaka ankabwerera m'mbuyo makutu atagona. Ndiye anatseka madzi panja, n'kutenga washala watsopano ndi lezala lija. Woyamba anamucheka kwambiri, madzi anachita kuthamanga. Wachiwiri anamucheka pang'ono, mpopi unangoti zii. Wachitatu anang'ambika pakati, ndipo lezala linawadya chala. Thukuta linali kamukamu. Mphaka anali atagona m'sinki tsopano, mutu uli pa miyendo, maso okha akuyenda.

A Sipanala anayamwa chala chawo n'kuima kanthawi. Kenako anapita m'chipinda chochezera, n'kumasula waya uja, n'kutenga washala wa pamwamba, womaliza amene mayi anacheka asanapite kuchipatala. Anamuika m'malo mwake, n'kumanga, n'kutuluka kukatsegula madzi. Pobwerera anaima m'kakhonde, osafuna kulowa.

Tho.

Anadikira, poti makutu awo anali atawanamiza kambirimbiri.

Tho. Tho.

Anasuzumira. Mphaka anali ataimirira, mutu ataupendeketsa pansi pa mpopi, lilime likutuluka kulandira dontho lililonse lisanagwe. Madzi ena ankamugwera pamphuno, iye n'kumapukusa mutu n'kubwereranso. Anamwa nthawi yaitali. A Sipanala anakhala pansi pa simenti yozizira, msana ali kukhoma, mpaka mphaka anakhuta. Anawerenga m'mutu kuti pa waya patsala makumi atatu ndi atatu, okwanira moyo wonse wa Alamu, mwinanso ndi wawo.

M'mawa mwake anapita kubeseni asanasukusule. Anagwada, n'kulowetsa kafosholo mumchenga. Pakona kafosholo kanakumana ndi cholemera. Anakatukula, ndipo panali chibuma cha mchenga wonyowa, chachikulu ngati chibakera cha mwana.

Anaimirira nacho osaganiza, n'kuyenda m'kakhonde dzanja lina lili pansi kuti mchenga usatayike, n'kulowa m'chipinda chochezera kuti akaonetse. Dzuwa linali litafika pa makina osokera. Magalasi anali pomwe anawasiya, ndipo mpando unali wopanda munthu. Bamboyo anaima pamenepo ndi kafosholo ka mchenga wonyowa m'manja.

"Ndamva, mayi," anatero. "Ndausiya."

Ku bafa mpopi unkadontha.